Pi si 22/7: mmene manambala amagawidwira m'magulu

Ophunzira ambiri amamaliza sukulu ya sekondale akukhulupirira kuti pi, nambala ija imagwiritsidwa ntchito poyeza zinthu zozungulira, ndi 22/7. Zoona zake n'zakuti manambala awiriwa ndi osiyana. Munthu akagawa 22 ndi 7 amapeza 3.142857..., pomwe pi ndi 3.141592... Kusiyanaku n'kochepa zedi. Pa thanki yamadzi yotambalala mita imodzi, muyeso wa kuzungulira kwake ungasiyane ndi mamilimita osakwana awiri, ndipo mmisiri wowotcherera zitsulo sangadandaule nazo.

Koma kwa katswiri wa masamu, komanso kwa wophunzira amene wakhala pa desiki ya mayeso a MANEB, kusiyanako n'kwakukulu chifukwa 22/7 ndi pi sizili m'gulu limodzi la manambala n'komwe. Yoyambayo ndi rational number, yachiwiriyo ndi irrational number. Amene sanamvetse malire a magulu awiriwa amavutika akafika pa mitu ina yonse yomwe yatsamira pa iwo.

Njira yosavuta yomvetsera maguluwa ndiyo kuganizira mmene ufumu umayendera kumudzi. Munthu amakhala m'mudzi wa nyakwawa, mudziwo uli pansi pa gulupu, gulupuyo ali pansi pa mfumu yaikulu, ndipo dera la mfumuyo lili m'boma. Munthu mmodzi yemweyo ndi wa magawo onsewa nthawi imodzi. Manambala nawonso ali choncho. Nambala 7 ndi natural number, ndi whole number, ndi integer, ndi rational number komanso ndi real number, ndipo palibe kutsutsana kulikonse pamenepa. Gulu lililonse lokulirapo linabadwa pamene gulu laling'ono linalephera kuyankha funso linalake.

Kuchokera m'khola kufika pa ngongole

Gulu loyamba ndi la manambala owerengera zinthu, 1, 2, 3, 4 mpaka kosalekeza, omwe mabuku amawatcha natural numbers. Awa ndi akale kwambiri. Fupa la Ishango, lomwe linapezeka m'chaka cha 1950 pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko lomwe lero ndi Democratic Republic of Congo, lili ndi timizere tozokotedwa m'magulumagulu, ndipo akatswiri amati lakhala zaka pafupifupi 20,000. Mawu owerengera a Chichewa nawonso ndi a gulu lomweli. Pali mbuzi imodzi, ana awiri, mitengo itatu, nkhuku zisanu ndi ziwiri, khumi, zana. Ambiri mwa mawuwa sangaime paokha popanda chinthu chomwe chikuwerengedwa.

Munthu akawonkhetsa kapena kuchulukitsa manambala awiri a gululi, yankho limakhala la gulu lomweli. Vuto limayamba pochotsera. M'khola munali mbuzi zisanu, fisi wagwira zonse zisanu. Zatsala zingati? Pa Chichewa yankho ndi lakuti palibe, koma "palibe" si nambala yoti munthu n'kuiwonkhetsa kapena kuichulukitsa. N'chifukwa chake mawu akuti ziro ndi obwereka.

Mitundu yambiri ya anthu inatenga nthawi kuti ivomereze ziro ngati nambala yeniyeni. Katswiri wa ku India, Brahmagupta, analemba malamulo a kawerengedwe ka ziro m'chaka cha 628. Nzeruzi zinadutsira kwa Aluya zisanafike ku Ulaya. Leonardo wa ku Pisa, yemwe amadziwika kuti Fibonacci, anaphunzira manambalawa ali mnyamata mumzinda wa Bugia, womwe lero uli ku Algeria, ndipo anawafalitsa m'buku lake la Liber Abaci m'chaka cha 1202. Ziro ikaphatikizidwa ndi manambala owerengera, pamabadwa gulu la whole numbers: 0, 1, 2, 3 ndi kupitirira.

Pano pali kusagwirizana komwe kumasokoneza ana asukulu pachabe. Mabuku ena amaika ziro m'gulu la natural numbers, ena saiikamo. Si nkhani yakuti wina walakwa, koma kuti anthu anagwirizana mosiyana pa tanthauzo la dzinalo. Wophunzira ayenera kuona tanthauzo lomwe buku lake kapena silabasi yake yatsata.

Tsono bwanji ngati chochotsedwa chaposa chomwe chilipo? Munthu ali ndi K3,000 koma watenga katundu wa K5,000 pa okala. Aliyense akudziwa kuti munthuyo ali ndi ngongole ya K2,000, ndipo masamu amalemba zimenezi ngati -2,000. Brahmagupta yemwe uja ankafotokoza manambala a mbali ziwirizi pogwiritsa ntchito mawu otanthauza chuma ndi ngongole. Ku China, kalekale, owerengera ankagwiritsa ntchito timitengo tofiira pa chuma ndi takuda pa ngongole. Wokongola mayunitsi pafoni masiku ano amakumana ndi nambala yomweyi akathira mayunitsi ena n'kuona kuti adulidwa.

Si ndalama zokha ayi. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa mulingowo, koma pamalo pakuya kwambiri nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700. Izi zikutanthauza kuti pansi pake pali pa mamita opitirira 200 kunsi kwa mulingo wa nyanja yamchere, nambala yomwe imafuna kachizindikiro kochotsera patsogolo pake. Manambala athunthu onse, a pamwamba pa ziro, a pansi pa ziro ndi ziro yomwe, amapanga gulu la integers. Chizindikiro chake ndi Z, kuchokera ku mawu a Chijeremani akuti Zahlen, omwe amatanthauza manambala.

Thumba limodzi, anthu atatu

Kugawa ndi kumene kumatsegula gulu lotsatira. Anthu atatu asonkherana kugula thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50. Palibe integer yomwe ingauze aliyense gawo lake, chifukwa 16 ikuchepa ndipo 17 ikuchuluka. Yankho ndi fulakishoni, 50/3. Aigupto akale ankadziwa kale mafulakishoni. Gumbwa wa Rhind, yemwe analembedwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe ndipo akusungidwa ku British Museum mumzinda wa London, ali ndi mafunso ogawa mikate pakati pa anthu.

Nambala iliyonse yomwe ingalembedwe ngati integer imodzi yogawidwa ndi integer ina, bola yapansiyo isakhale ziro, ndi rational number. Chizindikiro cha gululi ndi Q. Dzinali likugwirizana ndi mawu akuti ratio, kutanthauza kuyerekeza kwa manambala awiri, choncho irrational number si nambala yopanda nzeru monga ena amaganizira, koma nambala yomwe singalembedwe mwa njira imeneyi.

Mawu ofunika m'tanthauzoli ndi akuti "ingalembedwe". Nambala 7 sikuoneka ngati fulakishoni, koma ingalembedwe 7/1. Nayonso -4 ndi -4/1, ziro ndi 0/1, ndipo 0.75 ndi 3/4. Motero integer iliyonse ndi rational number, monga mmene munthu aliyense wa m'mudzi alili wa gulupu wa mudziwo. Kuletsa ziro pansi kuli ndi chifukwa chake. Kuti 5/0 ikhale nambala, pafunika nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi ziro ipereke 5, ndipo nambala yotero kulibe. Choncho 5/0 ilibe gulu lililonse.

Pali chizindikiro china chodziwira rational number, ndipo chimaoneka fulakishoni ikagawidwa mpaka kumanja kwa kadontho. Manambala a kumanjako amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina amatha, monga 3/8 yomwe ndi 0.375. Apo ayi amabwerezabwereza, monga 50/3 yomwe ndi 16.666... kapena 1/7 yomwe ndi 0.142857142857..., pomwe manambala asanu ndi limodzi omwewo akungozungulira.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Pogawa ndi 7, chotsala pa sitepe iliyonse chimakhala pakati pa 0 ndi 6. Chikakhala 0, kugawa kwatha. Chikapanda kukhala 0, pali zotsala zisanu ndi chimodzi zokha zomwe zingabwere, ndiye posakhalitsa chimodzi chiyenera kubweranso kachiwiri. Chikangobweranso, masitepe onse otsatira amayenda ndendende ngati poyamba paja. Mfundo imeneyi imagwira pa fulakishoni iliyonse, kaya nambala yapansi ndi yaikulu motani.

Ulendowu umathekanso chobwerera. Nambala ngati 0.272727... ikachulukitsidwa ndi 100 imakhala 27.272727..., ndipo kuchotsapo nambala yoyamba ija kumasiya 27 yeniyeni, chifukwa michira iwiriyo imadyana. Ndiye kuti nambalayo kuchulukitsa ndi 99 ndi 27, kutanthauza kuti ndi 27/99, yomwe ndi 3/11. Njira yomweyi imaonetsa chinthu chomwe chimautsa mkangano m'makalasi ambiri, chakuti 0.999..., ya ma 9 osatha, ndi 1 ndendende, osati nambala yoyandikira 1. Wokayika ayambe ndi 1/3 yomwe ndi 0.333..., kenaka achulukitse mbali zonse ziwiri ndi 3.

Chingwe chomwe chinakana fulakishoni

Pakati pa mafulakishoni awiri alionse pamapezeka ena osawerengeka. Pakati pa 1/2 ndi 3/4 pali 5/8, ndipo pakati pa 1/2 ndi 5/8 pali 9/16, mpaka kalekale. Munthu angaganize kuti pamenepa manambala akwana, ndipo utali ulionse padziko ungayezedwe ndi fulakishoni. Otsatira a Pythagoras ku Greece, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, ankaganiza chomwecho mpaka pamene anakumana ndi chinthu chomwe mmisiri aliyense womanga nyumba amachiona.

Amisiri akafuna kuongola ngodya ya maziko amayeza 3 mbali imodzi, 4 mbali inayo, n'kuonetsetsa kuti chingwe chopingasa chikukwana 5. Izi zimatheka chifukwa 3 kuchulukitsa ndi 3, kuwonkhetsa 4 kuchulukitsa ndi 4, ndi 25, yomwe ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Manambala onse ndi athunthu. Koma mbali ziwirizo zikakhala mita imodzi iliyonse, chingwe chopingasacho chiyenera kukhala nambala yomwe ikadzichulukitsa yokha ipereke 2. Nambalayi imatchedwa square root ya 2 ndipo imalembedwa √2.

Kuisaka ndi manja kumaonetsa khalidwe lake. 1.4 ikadzichulukitsa imapereka 1.96. 1.41 imapereka 1.9881. 1.414 imapereka 1.999396. Yankho likuyandikira 2 koma silikufikapo. Ababulo anafika patali ndi ntchitoyi. Phale ladothi lotchedwa YBC 7289, lomwe lili ku yunivesite ya Yale ku America ndipo linalembedwa pakati pa 1800 ndi 1600 Yesu asanabadwe, lili ndi muyeso wa √2 wofanana ndi 1.414213, womwe ndi wolondola modabwitsa. Komabe kuyandikira si kufika, ndipo Agiriki anasonyeza kuti palibe fulakishoni yomwe idzafikepo.

Umboni wake ndi waufupi moti wophunzira wa Fomu 2 angautsate. Poyamba munthu avomereze kuti √2 ndi fulakishoni a/b yomwe yachepetsedwa mpaka pomaliza, kutanthauza kuti a ndi b sizingagawike zonse ziwiri ndi 2. Mbali zonse zikadzichulukitsa, zimapezeka kuti a×a ndi 2×b×b. Choncho a×a ndi nambala yogawika ndi 2. Koma nambala yosagawika ndi 2, monga 3, 5 kapena 7, ikadzichulukitsa imapereka nambala yosagawikanso ndi 2, monga 9, 25 ndi 49. Ndiye kuti a iyenera kukhala yogawika ndi 2, ndipo ingalembedwe 2×c. Kuika zimenezi m'malo mwa a kumapereka 4×c×c mbali imodzi ndi 2×b×b mbali inayo. Kugawa mbali zonse ndi 2 kumasiya b×b yofanana ndi 2×c×c, ndipo pa chifukwa chomwe chija, b nayonso ndi yogawika ndi 2. Apa zinthu zasemphana, chifukwa poyamba paja zinanenedwa kuti a ndi b sizingagawike zonse ndi 2. Chomwe chalakwika ndi chivomerezo choyamba chija. Fulakishoni yotero kulibe.

Pali nthano yakuti Hippasus, yemwe amati anaulula chinsinsichi, anamira panyanja ngati chilango. Olemba mbiri saitenga nthanoyi ngati umboni, koma ikusonyeza mmene nkhaniyi inagwedezera anthu omwe ankakhulupirira kuti chilengedwe chonse chimayenda pa manambala athunthu.

Nambalayi ili m'ofesi iliyonse. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ndipo 297 kugawa ndi 210 kumapereka 1.414... Muyesowu, womwe unakhazikitsidwa ku Germany m'chaka cha 1922, unasankhidwa dala. Pepala lomwe mbali zake zili pa muyeso wa √2 likapindidwa pakati, theka lake limakhala ndi maonekedwe omwewo. N'chifukwa chake makina a fotokope amachepetsa tsamba la A3 kukhala A4 popanda kudula kapena kupotoza chilichonse. Koma popeza fakitale imadula mamilimita athunthu, 297/210 ndi rational number yomwe ikungoyandikira √2, monga mmene 22/7 ikuyandikira pi.

Nkhani ya pi inatenga nthawi yaitali kuposa ya √2. Pi ndi nambala yomwe imapezeka munthu akagawa utali wa mkombero ndi utali wodutsa pakati pake, kaya ndi mkombero wa njinga kapena wa lichero. Archimedes wa ku Syracuse anasonyeza zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe kuti pi ili pakati pa 223/71 ndi 22/7. Mwa mawu ena, munthu yemwe anatchukitsa 22/7 ankadziwa kale kuti ndi yoposa pi pang'ono. Zu Chongzhi wa ku China anapeza 355/113 m'zaka za m'ma 400, yomwe imagwirizana ndi pi pa manambala asanu ndi limodzi a kumanja kwa kadontho. Umboni wakuti palibe fulakishoni yomwe ingafanane ndi pi unabwera m'chaka cha 1761 kuchokera kwa Johann Lambert.

Kumanja kwa kadontho, irrational number siitha ndipo siibwereza. Zinthu ziwirizi ziyenera kukhalapo zonse. Nambala 0.333... siitha, koma imabwereza, choncho ndi rational. Nambala 0.101001000100001..., pomwe maziro akuwonjezeka ndi imodzi nthawi iliyonse, ili ndi dongosolo looneka bwino, koma palibe chigawo chomwe chikubwerezedwa ndendende, choncho ndi irrational. Kakyuleta sithandiza kwenikweni pa funso limeneli. Ikaonetsa 1.414213562 ngati √2, yadula mchira chifukwa malo atha, ndipo chomwe chili pagalasipo ndi rational number.

Magulu awiriwa, la rational ndi la irrational, ali ngati maboma awiri oyandikana. Palibe nambala yomwe ili konse kuwiri. Onse pamodzi amapanga dziko limodzi la real numbers, lomwe chizindikiro chake ndi R, ndipo nambala iliyonse ya m'dzikoli ili ndi malo ake pa mzere wa manambala popanda mpata wotsala.

Pomwe ambiri amapunthwa

Zolakwa zambiri pa mutuwu zimachokera pa kuweruza nambala ndi chovala chake. Chizindikiro cha square root sichipangitsa nambala kukhala irrational, chifukwa √9 ndi 3, ndipo 3 ndi natural number. Mzere wa fulakishoni suichotsa nambala m'gulu la integers, chifukwa 12/4 ndi 3 yemweyo. Nambala -√16 ndi -4, yomwe ndi integer koma si whole number. Kumbali ina, pi/2 yalembedwa ngati fulakishoni koma ndi irrational, popeza nambala yapamwambayo ndi irrational. Lamulo lake ndi limodzi: nambala iyambe yachepetsedwa kufika pa mtengo wake weniweni, kenaka ipezeredwe gulu laling'ono kwambiri lomwe ikukwanamo. Magulu onse okulirapo amatsatira okha.

Palinso chikhulupiriro chakuti ma irrational number awiri akakumana amabereka irrational number nthawi zonse. Sizili choncho. √2 kuchulukitsa ndi √2 ndi 2, ndipo √8 kugawa ndi √2 ndi 2 yemweyo. Chomwe chili chotsimikizika n'chakuti rational number ikawonkhetsedwa ndi irrational number, yankho ndi irrational. Choncho 1 + √2 ndi irrational popanda kuyesa n'komwe.

Nanga √-4? Palibe nambala pa mzere uja yomwe ikadzichulukitsa imapereka -4, chifukwa 2×2 ndi 4, ndipo -2×-2 ndi 4 yemweyo. Choncho √-4 si real number. Ili kunja kwa malire, m'gulu lina lalikulu la complex numbers lomwe mainjiniya a zamagetsi amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. René Descartes wa ku France ndi amene anatcha manambala otere kuti imaginary m'chaka cha 1637 powasiyanitsa ndi omwe anawatcha real, ndipo mayinawo anakakamira mpaka lero ngakhale kuti ndi osocheretsa.

Munthu angaganize kuti ma irrational number ndi alendo ochepa pakati pa khamu la mafulakishoni, popeza odziwika ndi owerengeka chabe. Georg Cantor wa ku Germany anasonyeza m'chaka cha 1874 kuti zili mosemphana. Magulu onse awiri alibe mapeto, koma mafulakishoni onse angathe kundandalikidwa pamzere, woyamba, wachiwiri, wachitatu, popanda wotsala. Ma real number sangandandalikidwe chotero, chifukwa mndandanda ulionse umasiya ena kunja. Zotsatira zake n'zakuti ma irrational number ndi ochuluka kwambiri kuposa ma rational number.

Ntchito yopezera manambala magulu awo siinathe. Pali nambala ina yotchedwa e, yomwe ndi 2.71828..., ndipo imapezeka powerengera chiwongoladzanja chomwe chimaberekanso chiwongoladzanja china. Leonhard Euler anasonyeza m'chaka cha 1737 kuti e ndi irrational. Pi nayonso ndi irrational. Koma ziwirizi zikawonkhetsedwa zimapereka 5.85987..., ndipo mpaka lero palibe katswiri yemwe wapereka umboni wosonyeza ngati nambala imeneyi ndi rational kapena irrational.